Masewero asanu okha: zimene tebulo la ligi limanena ndi zimene limabisa

Lolemba m'mawa pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, anyamata a njinga za hayala akamadikira wokwera, nkhani imakhala imodzi basi, ya bola. Ligi yangoyamba kumene, matimu asewera kasanu, koma milandu yagamulidwa kale.

"Amalume, timu yanu ija chaka chino ikutsika. Wakutsogolo munamugula uja ngakhale chigoli chimodzi alibe."

"Iwe mphwanga, mpira unayamba kuonera liti? Dikira mvula igwe kaye."

Onse awiri ali ndi mfundo, kungoti sakukamba chinthu chimodzi. Mnyamatayo akuwerenga tebulo la lero. Malume ake akukumbukira zaka zimene tebulo la mu Seputembala linawanamiza. Mkangano womwewu mudzaumva pa wailesi anthu akamaimba foni, m'malo oonerera mpira ku Mchini ndi ku Navutika, ngakhalenso m'minibasi ya ku Lundazi. Ambiri a ife kuno kum'mawa timasunga matimu awiri mumtima, ina ya ku Kitwe, Ndola kapena Lusaka, ina ya ku London, Manchester kapena Liverpool, ndipo maligi onse awiri amayamba cha mu Ogasiti. Mutu umawawa kawiri.

M'mikangano imeneyi mumaponyedwa mawu amene aliyense amawamva mwakemwake: fomu, msika, ngongole, mapepala. Tiyeni tiwamasule limodzilimodzi.

Tebulo ndi mapointi atatu

Super League ya Zambia ili ndi matimu 18. Iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakhomo ndi koyenda, ndiye kuti masewero onse ndi 34 ndipo mapointi amene timu ingatolere ikapambana konse ndi 102. Masewero asanu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a ulendo wonse. Kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, choncho woyenda gawo lotere wangofika cha ku Katete. Basi yoyamba kufika pa Katete si nthawi zonse imene imayamba kulowa pa Intercity, siteshoni ya mabasi ya ku Lusaka. Kutsogolo kukadali Petauke, Nyimba, mapiri okhotakhota aja ndi mlatho wa Luangwa.

Kuwerenga kwa mapointi nakonso kuli ndi mbiri yake. Kale wopambana ankapata mapointi awiri, ofanana mphamvu imodziimodzi. England inasintha mu 1981 n'kuyamba kupereka atatu, pofuna kuti matimu asamangokhalira kutchinga. World Cup ya 1994 ku America inatengera njira yomweyo, ndipo pofika 1995 FIFA inali itailandira kukhala ya dziko lonse. Kusinthaku kumaoneka kochepa koma kumatembenuza tebulo. Tengani matimu awiri. Yoyamba yafanana mphamvu masewero onse asanu, sinagonjepo. Yachiwiri yapambana kawiri n'kugonja katatu. Pa kawerengedwe kakale yoyamba ikanakhala ndi 5, yachiwiri 4. Lero yoyamba ili ndi 5, yachiwiri 6. Nchifukwa chake sapota wonyadira kuti "ife sitinagonjepo" amatha kudabwa kuona timu yokwapulidwa katatu ili pamwamba pake.

Kumayambiriro kwa sizoni mapointi amakhala othithikana moti kupambana kamodzi kumakweza timu malo asanu kapena kuposa. Chigoli chimodzi cha m'mphindi yotsiriza, penate imene oyimbira aipereka kapena kuikana, zimasuntha timu kuchoka pa nambala 12 kufika pa 6. Mu Epulo chigoli chomwecho sichingasunthe timu choncho, chifukwa mipata imakhala itatambasuka. Onjezani apo kuti matimu oimira dziko m'mipikisano ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, nthawi zina masewero awo a ligi amaimitsidwa, ndiye amaoneka otsalira pamene angosewera kochepa. Musanawerenge mapointi, yang'anani kaye mzere wa masewero amene timu yasewera.

Achikulire amakumbukira kuti ligi yathu sinkayamba mu Ogasiti. Kwa zaka zambiri inkayamba mvula ikamatha n'kutha chaka chisanathe. CAF itasuntha mipikisano yake kuti izidutsa m'zaka ziwiri, Zambia inatsatira. Mu 2019 kunachitika sizoni yaifupi yosinthira, matimu 20 anagawidwa m'magulu awiri, ndipo ZESCO United inagonjetsa Green Eagles pa mapenate m'masewero otsiriza. Kuchokera pamenepo ligi imayamba nthawi ya fumbi, imadutsa m'kutentha kwa Okutobala, imasambira m'matope kuyambira Disembala mpaka Malichi, n'kutha mu Meyi. Timu yopatsirana mpira wapansi pa bwalo louma la mu Seputembala imakumana ndi mayeso ena bwalo likasanduka dambo. Amalume aja ponena kuti dikira mvula, sikuti akungozemba.

Fomu

Anthu akati timu ili pa fomu, kawirikawiri amatanthauza zotsatira za masewero asanu omaliza, aja amalembedwa pambali pa tebulo ndi timabokosi tobiriwira ndi tofiira. Palibe lamulo la mpira lonena kuti akhale asanu. Ndi chizolowezi cha manyuzipepala ndi obetcha, chimene mafoni achifalitsa.

Vuto la timabokosi timeneti ndi lakuti sititchula kuti munasewera ndi yani, ndipo kuti. Kupambana katatu pakhomo ndi matimu ongokwera kumene kuchokera ku Division One sikulingana ndi kufanana mphamvu katatu koyenda, pa mabwalo a matimu aakulu monga Arthur Davies, Nkoloma ndi Levy Mwanawasa. Koma pa foni woyambayo ali ndi zobiriwira zitatu, wachiwiriyo alibe ngakhale chimodzi. Ndandanda ya masewero imadzalungama pokhapokha aliyense atakumana ndi aliyense, ndipo mu ligi yathu zimenezi zimachitika pa sewero la nambala 17. Maulendo nawonso ndi olemetsa. Timu yochoka ku Choma kukasewera ku Solwezi imakhala pamsewu tsiku lathunthu, ndipo miyendo imakumbukira mpando wa basi.

Ligi ya ku England, imene ziwerengero zake aliyense angazifufuze, ili ndi zitsanzo zokwanira mbali zonse. Mu 2023 Tottenham inapambana kasanu ndi katatu n'kufanana mphamvu kawiri m'masewero 10 oyamba, mapointi 26, ili pamwamba penipeni. Inamaliza pa nambala 5. Mu Novembala 2020 Manchester City inali ndi mapointi 12 okha itasewera kasanu ndi katatu, ili pa nambala 13, koma chikho inatenga. Arsenal mu 2021 inagonja masewero atatu oyamba osamwetsa chigoli, inakhala pansi penipeni, n'kudzamaliza pa nambala 5.

Komabe wina asatengerepo mwayi wonena kuti chiyambi chilibe ntchito. Mu sizoni ya 2015 mpaka 2016 anthu anakhala mwezi ndi mwezi akudikira kuti Leicester City igwe. Sinagwe. Inagonja katatu kokha m'masewero 38 n'kutenga ligi. Ndipo pointi ya mu Ogasiti imalemera chimodzimodzi ndi ya mu Meyi. Timu imene yataya mapointi 10 poyamba iyenera kukawafuna kwina, sabwerera okha.

Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi angamvetse msanga. Chimanga chomera bwino mu Disembala ndi chizindikiro chabwino, ndipo amene mbewu yake sinamere ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma mu 2024 tonse tinaona minda yobiriwira ikufota ndi ng'amba ya mu Januwale ndi Febuluwale, mpaka boma kulengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Kamera ka mbewu kamanena zoona za tsikulo, sikalonjeza nkhokwe.

Kusewera bwino ndi kupambana

Pali mawu amene sapota wogonja amakonda: "tinasewera bwino koma mpira unakana." Anzake amamuseka, koma nthawi zina amanena zoona. Mu mpira zigoli zimakhala zochepa, choncho mwayi uli ndi dzanja lalitali kuposa m'masewero monga netibo kumene zigoli zimafika makumi angapo.

Akatswiri a ziwerengero anapanga muyeso wotchedwa xG pofuna kulekanitsa kusewera bwino ndi kupambana. Mpira uliwonse womenyedwa kugolo amaupatsa mtengo poona kuti mipira yofanana nawo, yomenyedwa pamalo omwewo ndiponso mwanjira yomweyo, inalowa kangati m'masewero ambirimbiri akale. Penate imalowa pafupifupi katatu pa kanayi, ndiye mtengo wake uli cha pa 0.76. Mpira womenyera kutali, kunja kwa bokosi, mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Muyesowu unayamba kuonekera pa wailesi yakanema ya BBC mu 2017. Zili ngati mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market: tsiku limene anthu makumi atatu aima pa benchi lake n'kugula awiri okha ndi loipa, koma malo akewo ndi abwino. Mnzake amene aima awiri n'kugula onse awiri wapeza zofanana lero, koma mawa ndani adziwa.

Pa masewero a kuno kwathu, sapota wamba sapeza ziwerengero zotere mosavuta. Chotsala ndi maso. Timu ikupeza mipata mkati mwa bokosi, kapena ikungoponya zakutali? Goloboyi wanu ndiye akukhala munthu wotchuka sabata iliyonse? Ngati ndi choncho, kumbuyo kukudontha ngakhale zigoli zisanalowe. Ena amadana nawo muyesowu, amati mpira sausewera pa kompyuta, ndipo n'zoona kuti xG sidziwa kuti womenyayo ndi ndani kapena kuti bwalo linali ndi mabampu.

Msika wa osewera

Pano ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, chifukwa mawu oti "tagula" amaphimba zinthu zosiyana.

Poyamba, timu sigula munthu. Wosewera amakhala pa kontirakiti ya zaka zingapo ndi timu yake, ndipo ndalama imene timu ina imalipira ndi yopepesera kuti kontirakitiyo ithe nthawi isanakwane. Nchifukwa chake wosewera yemweyo amakhala wodula akatsala ndi zaka zitatu, n'kutchipa akatsala ndi miyezi yochepa. Malamulo a FIFA amalola wosewera amene watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kusainirana ndi timu ina, kuti akadzamaliza angonyamuka.

Kale sizinali choncho. Ngakhale kontirakiti itatha, timu inkatha kumugwira wosewera mpaka wina alipire. Amene anathyola goli limeneli ndi Jean-Marc Bosman wa ku Belgium. Kontirakiti yake ndi RFC Liège inatha mu 1990, iye anafuna kupita ku Dunkerque ya ku France, koma nkhani ya ndalama inaletsa. Anapita kukhoti, ndipo pa 15 Disembala 1995 khoti la mayiko a ku Ulaya linagamula momukomera. Chigamulocho chinali cha ku Ulaya, koma chinakankha FIFA kulemba malamulo atsopano mu 2001, amene lero amakhudza ndi ife. Nthawi zoikika zogulira osewera zinakhazikika m'sizoni ya 2002 mpaka 2003: msika umatsegulidwa kawiri pachaka, nthawi yaitali pakati pa masizoni ndi yaifupi pakati pa sizoni, imene kwa ife imagwa cha mu Januwale.

Ndiye mlendo amene mwamuona atanyamula jezi pa Facebook angakhale wamtundu uliwonse mwa iyi. Pali wogulidwa ndi ndalama. Pali waulere, amene kontirakiti yake inatha kapena timu yake inamumasula; uyu timu yakale silandira kanthu, ngakhale iye mwini ndi ejenti wake nthawi zambiri amafuna ndalama yosainira. Pali wokwezedwa kuchokera ku timu ya achinyamata. Ndipo pali wapangongole, amene kumudzi tingamuyerekeze ndi ng'ombe zobwereka zolimira: mwini ndi wina, wobwereka amazidyetsa n'kulimira, nyengo ikatha zimabwerera kukhola kwawo zitanenepa kapena zitaonda. Matimu aakulu amabwereketsa anyamata amene sakupeza malo kuti akakhwime kwina. Sapota asanagule jezi ya dzina la mlendo, ndi bwino afunse kaye ngati ng'ombeyo ndi ya pakhomo.

Nanga bwanji wosewera amalengezedwa, zithunzi n'kujambulidwa, koma masabata atatu osaoneka ngakhale pa benchi? Yankho lofala ndi "mapepala". Wosewera sangalowe m'bwalo asanalembetsedwe ku bungwe loyendetsa mpira, kwa ife FAZ. Ngati akuchokera kunja, kaya ndi ku Congo, ku Kenya kapena pafupi pompa ku Malawi, bungwe la kwawoko liyenera kutumiza chikalata chotchedwa ITC, ndipo kuyambira 2010 zonsezi zimadutsa pa makina a FIFA a pa intaneti otchedwa TMS, mmene matimu onse awiri amalemba zofanana za mgwirizano wawo. Zikasiyana pang'ono, makinawo salola. N'chimodzimodzi mwana wosamuka sukulu: yunifolomu angavale, koma popanda kalata yochokera kwa ahedi a sukulu yakale, m'kaundula salowa. Mlendo wakunja amafunikanso chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, ndipo icho chimachokera ku ofesi ya boma, osati ku FAZ.

Pali malamulo ena awiri amene amadabwitsa anthu. Wosewera angalembetsedwe ku matimu atatu m'sizoni imodzi koma angasewerere awiri okha, kupatula pamene masizoni a mayiko awiriwo sayendera limodzi. Lachiwiri ndi chiletso: timu imene ili ndi ngongole ya malipiro kwa wosewera kapena kochi wakale, nkhani ikafika ku FIFA ndipo osalipira, imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano. Ikhoza kusainirana nawo, ikhoza kuphunzira nawo, koma sangasewere mpaka ngongole ithe. Timu ikakhala chete pa msika, mwina ndi nzeru za kochi, mwina thumba labooka, mwina manja ndi omangidwa.

Mlendo ndi kalumo kake

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo masapota amayembekezera kuti kalumoko kamete tsiku lomwelo. Nthawi zina zimatero. Jesse Were anabwera ku ZESCO United mu 2016 kuchokera ku Tusker ya ku Kenya, kumene anali atamwetsa zigoli zambiri kuposa onse chaka chapitacho, ndipo chaka chomwecho cha 2016 ZESCO inafika mu semifainolo ya CAF Champions League iye ali kutsogolo.

Koma mbiri ya zigoli siyenda m'chikwama. Collins Mbesuma anamwetsa zigoli 25 mu ligi ya ku South Africa ali ku Kaizer Chiefs m'sizoni ya 2004 mpaka 2005. Portsmouth ya ku England inamutenga, ndipo kumeneko sanapeze malo okhazikika kapena chigoli cha mu ligi. Lazarous Kambole, amene mu 2018 anamwetsa zigoli zitatu m'mphindi zisanu ZESCO ikusewera ndi Mbabane Swallows, anapita ku Chiefs komweko mu 2019 ndipo chitsime chinaphwa. Anthuwa sanaiwale mpira pa bwalo la ndege. Womwetsa zigoli amadalira amene akumupatsira, kaseweredwe ka kochi, liwiro la ligi, chinenero cha m'bwalo, ngakhale chakudya ndi nyumba yogona.

Kumbali ina kuli aja oyamba mozizira. Thierry Henry anafika ku Arsenal mu 1999 kuchokera ku Juventus n'kutha masewero asanu ndi atatu osamwetsa. Anadzasiya zigoli 228, zimene palibe wa timuyo anazifikapo. Akanakhala wa timu ya amalume aja, pa Kapata akanamutcha kale dzina.

Chitsanzo chapafupi ndi mwana wa kuno kwathu, Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata mu 1997. Anadzera ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, ndipo mu 2017 anapita ku Spartak Moscow kumene anasewera m'timu yachiwiri. Woweruza ndi chaka chimenecho chokha akanati zakanika. Mu 2018 anapita ku Oostende ya ku Belgium, mu 2021 ku Rangers ya ku Scotland, kumene pa 31 Okutobala chaka chomwecho anamwetsa zitatu pa Motherwell, kenako mu 2023 ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia. Anzake a m'timu ya achinyamata imene inatenga chikho cha Africa mu 2017, Patson Daka ndi Enock Mwepu, atafika ku Austria anayamba apsa kaye ku Liefering, timu yokulitsira ana ya Salzburg. Daka anadzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya dzikolo mu 2021, zigoli 27, patatha zaka zinayi.

Kuchuluka kwa alendo nakonso ndi nkhani payokha. Kugula awiri otseka mipata yodziwika n'kosiyana ndi kugula khumi ndi awiri nthawi imodzi. Otchinga kumbuyo makamaka amafunika kudziwana, kuti wina akatuluka mnzake adziwe potseka popanda kufuula. Buildcon italowa mu Super League mu 2017 inadzaza timu ndi osewera ochokera m'mayiko osiyanasiyana, anthu n'kumaikamba dziko lonse, koma chikho cha ligi sinatenge. Izi sizitsimikiza kuti kugula ndi kulakwa, pakuti ZESCO yomwe ija inatenga zikho ili ndi alendo ofunika. Zimangoonetsa kuti mayina pa pepala ndi timu m'bwalo zimafika pa nthawi zosiyana.

Ndalama imene iyenera kubwerera kumudzi

Mbali iyi ya msika siikambidwa kawirikawiri, chonsecho ndi imene imakhudza matimu ang'onoang'ono osewera pa David Kaunda Stadium ndi m'mabwalo a sukulu ku Katete ndi ku Petauke. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu onse amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Pa K1,000,000 iliyonse, K50,000 ndi ya olera. Ndipo izi zimachitika nthawi iliyonse akagulitsidwa motero, ngakhale ali ndi zaka 30. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Kuchenjera manja kwake ndi kulembetsa. Ndalamayi imatsata kaundula wa wosewera, ndipo kuyambira 2022 FIFA ili ndi ofesi ku Paris yodutsitsira malipiro amenewa. Timu ya m'komboni imene inamugulira mnyamata nsapato zake zoyamba, koma osamulembetsa ku FAZ, m'kaundulamo mulibe dzina lake. Imatsala ndi chithunzi ndi nthano.

Kochi achoke?

Timu ikayamba moipa, chala choyamba chimaloza kochi, chifukwa kuchotsa munthu mmodzi n'kotchipa kuposa kuchotsa makumi awiri, ndipo msika ukatsekedwa ndi iye yekha amene angasinthidwe. Ofuna kuti achoke amanena kuti kochi watsopano akabwera zotsatira zimasintha, ndipo nthawi zambiri zimaonekadi choncho. Otsutsa amayankha kuti kochi amachotsedwa timu ikafika pansi penipeni pa mavuto ake, pamene ngakhale popanda kusintha kanthu zinthu zikanayamba kubwerera m'malo. Chimfine chimatha pa sabata, koma ulemu umapita kwa mankhwala amene unamwa tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Crystal Palace mu 2017 imapatsa mbali zonse chonena. Inachotsa Frank de Boer atagonja masewero anayi oyamba a ligi. Roy Hodgson atalowa anagonjanso atatu otsatira, kukwanitsa asanu ndi awiri opanda pointi kapena chigoli. Timuyo inamaliza pa nambala 11. Wina adzati onani, kusintha kunathandiza. Wina adzati onani, ngakhale wopulumutsayo anafunika nthawi imene woyamba uja anamanidwa.

Zimene sizinayankhidwe

Ndi masewero angati amene amakwana kuti tebulo likhulupirike? Ena amati khumi, ena amati mpaka aliyense akumane ndi aliyense. Palibe nambala imene onse anagwirizana, ndipo timu imene ili m'malo anayi otsika mu Novembala singadikire kuti akatswiri amalize kukangana.

Kodi kusewera m'nyengo ya mvula kwapindulitsa mpira wathu? Kunachepetsa vuto lakale lakuti matimu athu azilowa m'mipikisano ya CAF ligi ya kwawo isanayambe, koma kunaika masewero ambiri pa mabwalo amene madzi satuluka msanga. Anansi athu a ku Malawi kwa zaka zambiri akhala akusewera ligi yawo m'chilimwe, ndipo wa ku Chipata amene amadutsa pa Mwami kukaonera Bullets kapena Silver Strikers ku Lilongwe angayerekeze yekha.

Osewera akunja akhale angati m'timu imodzi? Ena amati amakweza ligi ndi kukankha anyamata athu kuti alimbike. Ena amati malo a kutsogolo akadzaza alendo, Chipolopolo idzasowa womwetsa. Mbali zonse zimatchula mayina enieni.

Nanga mitengo? Ku England ndalama zogulira osewera zimalembedwa m'manyuzipepala, ngakhale kumenekonso nthawi zambiri ndi zongomveka. Kuno kawirikawiri timangouzidwa kuti wasaina zaka ziwiri. Sapota angaweruze bwanji ngati timu yagula mwanzeru pamene sadziwa mtengo, malipiro, kapena ngati malipirowo akufika pa nthawi yake? Matimu athu ambiri ali m'manja mwa makampani, asilikali, apolisi ndi mabungwe a boma, ndipo funso loti sapota wolipira pakhomo ali ndi ufulu wodziwa zochuluka bwanji silinayankhidwe.

Ndipo kwa ife a kum'mawa pali lina limene limabwera chaka ndi chaka msika ukatsegulidwa. Mnyamata wowala pa bwalo la ku Chipata akaonedwa, njira yake imaloza kumadzulo, kuwoloka Luangwa. Kodi timu ya kuno ingamusunge mpaka itakwera naye, kapena phindu lake lili pa kumulembetsa bwino n'kumulola apite? Amalume aja ndi mphwawo pa ili sanayambe n'komwe kukangana, pakuti kunabwera mayi wa dengu la masamba wofuna njinga ya ku Kalongwezi.